Galimoto ya Madenga Awiri

Sabata ziwiri zapitazo mng'ono wanga amene amagwira ntchito ku Leeds, m'dziko la England, anandiimbira foni usiku ndili mkati mochonga mayeso a Fomu 3. Mnyamatayu anagula kagalimoto kakale ka mipando iwiri, Mazda MX-5 ya 2001, kaja kokhala ndi denga la nsalu limene munthu amalipindira kumbuyo dzuwa likawala. Tsopano kumeneko kwayamba kuzizira, ndipo wina wamutsatsa denga lina lolimba la galimoto yomweyo, lija Angerezi amati hardtop, loti amaliveka pa galimoto kukamazizira n'kudzalivula kukayamba kufunda. Mtengo wake ati ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zimene anagulira galimoto yonseyo. Ndiye akuti, "Achimwene, paja inu mumawerenga zambiri. Ndigule kapena ndisiye?"

Ndinayamba ndaseka, pakuti ine mwini wake ndimayendera njinga yakapalasa ndi minibasi. Komabe ndalama zimene akufuna kuwonongazo si zochepa, ndipo pali ana a mlongo wathu awiri amene amadalira iyeyo pa fizi. Ndinamuuza kuti andipatse masiku. Munthu wophunzitsa mbiri funso likamukulira amayamba wafufuza kuti linabadwa liti, ndipo ili ndapeza kuti lili ndi zaka zoposa 100.

Tiyambe ndi chinthu chimene ambiri sitichiganizira: galimoto inabadwa yopanda denga. Ija anapanga Karl Benz ku Germany mu 1886 inali mpando chabe wokhala pa mawilo atatu. Amisiri oyamba kupanga matupi a magalimoto anali omwe aja ankapanga ngolo zokokedwa ndi akavalo, n'chifukwa chake ngakhale mayina anangowasamutsa. Dzina loti cabriolet, limene Azungu amatchulira galimoto yopinda denga mpaka lero, poyamba linali la kangolo kopepuka ka kavalo mmodzi ku France. Pamene Henry Ford anatulutsa Model T mu 1908, yotchuka kwambiri inali yosatseka m'mbali, yokhala ndi chinsalu pamwamba ndi timakatani tomangirira mvula ikayamba. Galimoto yotsekedwa bwino, ya zitseko ndi magalasi, inali ya anthu olemera okhaokha, chifukwa thupi lake linkapangidwa pamanja ndi matabwa. Mu 1910 kampani ya Cadillac itaitanitsa matupi otsekedwa 150 kwa abale a Fisher a ku Detroit, anthu anaiona ngati nkhani yaikulu. Pofika 1919, magalimoto pafupifupi 9 mwa 10 aliwonse opangidwa ku America anali akadali osatseka.

Tsono taganizirani mlimi kapena dokotala wa kumpoto kwa America, kumene madzi amaundana kwa miyezi itatu kapena inayi pa chaka. Chinsalu ndi timakatani sizinkaletsa mphepo. Ambiri kukazizira ankangokweza galimoto pa zitsa m'khola, n'kukhetsa madzi a mu injini, n'kubwerera kwa kavalo mpaka chisanu chitatha. Munthu wagula chinthu chodula chonchi koma akuchigwiritsa ntchito miyezi isanu ndi itatu yokha!

Apa ndi pamene denga lochotseka linabadwira. Cha m'ma 1914 kampani ya Kissel ya m'tauni ya Hartford, ku Wisconsin, dera lozizira zedi, inayamba kugulitsa galimoto imene inaitcha All-Year Car, kutanthauza ya chaka chonse. Inali galimoto yosatseka monga zinzake, koma inali ndi chipinda chapamwamba cha magalasi chimene ankachimanga ndi mabawuti kukayamba kuzizira. Makampani ena, monga Rex ya ku Connersville, ku Indiana, anapeza malonda popanga madenga otere okwanira pa magalimoto a mitundu ina. Onani bwino amene ankagula: sanali munthu wofuna kuoneka bwino pa msewu ayi. Anali munthu wa galimoto imodzi, amene ndalama za galimoto yotsekedwa zinamukanika, wokhala kozizira, ndiponso wokhala ndi khola lalikulu losungiramo chidengacho pamodzi ndi ana kapena antchito omuthandiza kunyamula.

Malondawa sanakhalitse. Mu 1922 kampani ya Hudson inatulutsa Essex Coach, galimoto yotsekedwa yooneka ngati bokosi koma yotsika mtengo, ndipo pofika 1925 mtengo wake unali utafanana ndi wa yosatseka. Enanso anatsatira. Pofika 1927 magalimoto oposa 80 pa 100 aliwonse atsopano ku America anali otsekedwa. Zaka zisanu ndi zitatu zokha zinthu zinatembenuka. Nanga ndani akanavutikanso ndi mabawuti pamene ndalama zomwezo zikugula galimoto ya denga lokhazikika? Imeneyi inali imfa yoyamba ya hardtop.

Kuchokera pamenepo galimoto yosatseka inasintha udindo. Inaleka kukhala ya osauka n'kusanduka ya anthu ofuna kusangalala ndi ofuna kuonedwa. Ife amene tinali ana a sukulu m'nthawi ya Kamuzu tikudziwa tanthauzo lake, paja tinkandandalika m'mbali mwa msewu padzuwa kudikira kuti adutse ataimirira m'galimoto yopanda denga, litchowa lili m'manja. Munthu sakwera galimoto yotere kuti abisale.

Pano ndipatuke pang'ono, chifukwa pali munthu mmodzi amene sindingamudumphe. Georges Paulin anali katswiri wa mano ku Paris, koma mtima wake unali pa kujambula magalimoto. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 anapeka denga lachitsulo lotha kudzinyamula lokha n'kukalowa m'buti. Mmisiri wina dzina lake Marcel Pourtout analipanga, ndipo kuyambira 1934 linayamba kuoneka pa magalimoto a Peugeot pansi pa dzina loti Éclipse, otchuka kwambiri ndi Peugeot 402 ya 1935. Paulin anali atazindikira kale vuto lenileni la denga lochotseka, loti ukalisiya kunyumba ndiye kuti mvula ikakupeza panjira lilibe ntchito. Iye anafuna kuti denga liziyenda nawe. Nkhondo yachiwiri itabuka ndipo dziko la France litalandidwa, Paulin anayamba kutumiza zinsinsi kwa Angerezi. Anamugwira mu 1941, ndipo asilikali a Germany anamuombera mu March 1942. Nzeru yake inagona zaka zambiri. Ford anaiyesa pa galimoto yotchedwa Skyliner kuyambira 1957 mpaka 1959, anagulitsa pafupifupi 48,000, koma mawaya ndi timainjini tamagetsi zinachuluka, buti yonse inkathera denga, ndipo anaisiya.

Tibwerere ku denga lonyamula pamanja. Linauka kachiwiri itatha nkhondo, ndipo linaukira ku America komweko, koma tsopano litavala suti. Ford Thunderbird ya 1955, ya mipando iwiri, inkagulitsidwa ndi denga lolimba lochotseka lopangidwa ndi pulasitiki wa ulusi wa galasi, yemwe uja amapangira makanope a mapikapu. Chodabwitsa n'chakuti denga lolimbalo ndilo linkabwera ndi galimoto, la nsalu ndilo munthu ankachita kusankha mwapadera. Chaka chimenecho Thunderbird anagulitsidwa oposa 16,000, pamene mpikisano wake, Chevrolet Corvette, imene inali ndi nsalu yokha ndi mawindo ochita kulowetsa pamanja, anapangidwa 700 basi. Zifukwa zinali zambiri, koma a Chevrolet anaphunzirapo: mu 1956 Corvette inabwera ndi magalasi okweza ndi kutsitsa, komanso hardtop kwa woifuna. Denga la Thunderbird nalo linali ndi chilema chake. Linkatseka kwambiri m'mbali chakumbuyo moti woyendetsa sankaona bwino galimoto yomupitirira, ndiye mu 1956 anabowola timawindo tozungulira ngati ta sitima yapamadzi. Lero anthu amaikumbukira galimotoyi chifukwa cha timawindo timeneti, ambiri osadziwa kuti tinabwera kudzakonza cholakwika.

Funso ndi lakuti, n'chifukwa chiyani munthu wa ndalama wa mu 1955 ankafunabe madenga awiri? Yankho lili pa nsalu. Madenga a nsalu a nthawi imeneyo anali a chikutiro chimodzi, ankadontha m'mphepete, ankachita phokoso galimoto ikathamanga, ndipo windo lakumbuyo linali la pulasitiki wofewa amene pakapita zaka ziwiri zitatu ankachita chikasu n'kuyamba kung'aluka. Pa timagalimoto ta ku Britain, ngakhale MGB zoyambirira za 1962, panali madenga ena oti munthu ankachita kutuluka, kutenga tizitsulo m'buti, kutilumikiza, kenako n'kuyala nsalu pamwamba ngati akumanga tenti ya pamaliro. Pomaliza zonsezo mvula yamunyowetsa kale. Kwa munthu wotere hardtop inali yofunikadi. Ndipo wa ku America anali ndi pokaisunga, popeza nyumba zatsopano za m'mphepete mwa mizinda zinkamangidwa ndi galaja, ndipo ambiri ankamangirira chingwe ndi kawilo ku mitanda ya galajayo kuti azikweza dengalo n'kulisiya likulendewera mpaka chisanu.

Amene anafika nalo patali luso limeneli ndi a Mercedes-Benz. Mu 1963, pa chionetsero cha ku Geneva, anatulutsa 230 SL, imene maonekedwe ake anajambula Mfalansa Paul Bracq. Denga lake lochotseka linali lachilendo: pakati linali lolowa pansi pang'ono, m'mbali lokwera, ngati denga la akachisi a ku Asia, mpaka anthu anaipatsa galimotoyo dzina loti Pagoda. Nzeru ya kapangidweka inali ya Béla Barényi, injiniya yemwe uja anapeka zoti kutsogolo ndi kumbuyo kwa galimoto kuzifwanyika pa ngozi kuti anthu a mkati apulumuke. Kukwera kwa m'mbaliko kunalimbitsa denga, kunapereka malo a magalasi aakulu, komanso munthu ankalowa osagunda mutu. Anapanga pafupifupi 49,000 kufika 1971. Panalinso mtundu wina, umene anthu amautcha California Coupé, wokhala ndi hardtop yokha popanda nsalu n'komwe, wa anthu okhala kumene mvula simabwera mwadzidzidzi. Kampaniyi inapitiriza mwambo wa madenga awiri pa SL ya 1971 ndi ya 1989. Pa ya 1989 denga linali la aluminiyamu kuti lipepuke, komabe linkaposa makilogalamu 30, loti anthu awiri anyamule mosamala, wina uku wina uku.

Pakati apa galimoto yopinda denga inatsala pang'ono kutheratu. Buku la Ralph Nader lodzudzula opanga magalimoto pa nkhani ya ngozi litatuluka mu 1965, makampani anayamba kuopa kuti boma la America liletsa magalimoto opanda denga lokhazikika. Porsche anayankha ndi Targa, imene anaionetsa chaka chomwecho, yokhala ndi chitsulo chopingasa kumbuyo kwa mitu ndi kachidutswa kokha ka denga kochotseka. Makina oziziritsa m'galimoto nawo anali atafala, ndiye anthu sankafunanso kuvula denga kuti apitidwe mphepo. Mu 1976 Cadillac analengeza kuti Eldorado ya chaka chimenecho ndiyo yomaliza ya mtundu wotere ku America, ndipo anthu anaigula mothamanga poganiza kuti idzakwera mtengo. Lamulo loopedwalo silinabwere. Chrysler anayambanso kupanga mu 1982, ndipo Cadillac yemweyo atabweretsanso Eldorado yopinda denga mu 1984, ena mwa ogula aja anakamang'ala kukhoti kuti ananamizidwa. Mlandu sanawine.

Tsopano tafika pa kagalimoto ka mng'ono wanga. Mazda MX-5 inaonetsedwa koyamba ku Chicago mu February 1989. Ku Japan inkatchedwa Eunos Roadster, ku America Miata. Inatengera timagalimoto ta ku Britain ta m'ma 1960 tija, koma iyi sinkadontha mafuta ndipo denga lake la nsalu munthu ankatha kulikoka ndi dzanja limodzi ali pa mpando. Mu 2000 inalowa m'buku la Guinness monga galimoto ya mipando iwiri ya mtundu wake yogulitsidwa kwambiri m'mbiri, ndipo mu 2016 inakwana miliyoni imodzi. Mtundu woyamba, wa 1989 mpaka 1997, unali ukadali ndi windo lakumbuyo la pulasitiki lotsegula ndi zipi, ndiye hardtop yake, ya makilogalamu 20 kapena kuposerapo pang'ono, yokhala ndi galasi lenileni, inali ndi phindu looneka. Koma mtundu wachiwiri, wa 1998 mpaka 2005, umene uli wa mng'ono wangayo, unabwera ndi galasi lenileni pa denga la nsalu lomwelo, lokhala ndi timawaya tochotsa nthunzi. Chifukwa chimodzi chachikulu chogulira hardtop chinathera pomwepo.

Nzeru ya Paulin ija nayo inadzuka. Mercedes SLK ya 1996 inabwera ndi denga lachitsulo lodzipinda lokha, Peugeot 206 CC inatsatira mu 2000, SL yeniyeni inasiya denga lonyamula pamanja mu 2001, ndipo Mazda anaika lolimba lodzipinda lokha pa MX-5 mu 2006, lotseka m'masekondi 12. Kwa zaka ngati khumi kampani iliyonse inkafuna lake: Renault, Ford, Volkswagen, Volvo, BMW. Anthu ankati nsalu yatha ntchito. Koma madenga achitsulowa anali olemera, ankadya malo a katundu, ndipo galimoto ikakalamba ankavuta ndiponso kudula pokonzetsa. Uku nsalu inali ikupita patsogolo mwakachetechete, mpaka inafika pokhala ya zikutiro zitatu kapena kuposa, yotchinga phokoso ndi kuzizira. BMW Z4 ya 2018 inabwerera ku nsalu, BMW 4 Series ya 2020 chimodzimodzi, ndipo mu 2021 Mercedes SL, mwini wake wa mwambo wa madenga awiri, inatuluka ndi nsalu yokha. Ndikamaphunzitsa ndimakonda kuchenjeza ana kuti asamaganize kuti chatsopano chimagonjetsa chakale nthawi zonse. Apa chimene chinapambana ndi nsalu ija ya pa ngolo ya akavalo.

Kumene denga lochotseka lakhalabe ndi moyo wabwino ndi ku magalimoto a ntchito ndi a m'tchire. Land Rover yoyamba ya 1948 inali ya lona, ndipo patangopita zaka zochepa anayamba kugulitsa denga lachitsulo lomanga ndi mabawuti. Jeep Wrangler ikugulitsidwabe ndi denga lotere. Ndipo kuno kwathu aliyense amene anayamba wadzifunsa ngati agule kanope ya pikapu yake akulidziwa funsoli bwino lomwe: imateteza katundu ku mvula, fumbi ndi akuba, koma tsiku lonyamula matumba a chimanga kapena mitengo ya denga umafuna anyamata anayi oitsitsa ndi malo oisiya kumene mbuzi sizikaikwera.

Nditawerenga zonsezi ndinaona kuti nthawi iliyonse imene hardtop yakhala ndi msika, zinthu zitatu zinalipo pamodzi. Munthu anali ndi galimoto imodzi yoyendera tsiku ndi tsiku m'dziko lozizira, nsalu ya galimotoyo inali yosakwanira, ndipo anali ndi malo osungira dengalo limodzi ndi womuthandiza kunyamula. Chimodzi chikachoka, malonda ankagwa. Choncho nditamuimbira mng'ono wanga ndinangomufunsa zitatu zomwezo.

Choyamba anavomera. Galimoto ndi yomweyo, amapita nayo ku ntchito ngakhale usiku, ndipo ku Leeds kumazizira ndi kuvumba miyezi yambiri. Imagonanso pa msewu, pamene munthu woipa mtima akhoza kung'amba nsalu ndi mpeni pofuna kuba kachikwama. Pamenepa hardtop ili ndi mfundo, sindingabise. Imachepetsa phokoso, mkati mumafunda msanga, ndipo galasi lake lalikulu limaonetsa bwino kumbuyo. Pali mfundo inanso yolimba: magalimoto a mitundu iwiri yoyambayi anasiya kupangidwa mu 2005, denga limodzi limakwana pa mitundu yonse iwiri, ndipo a mipikisano ya liwiro amawafunanso madengawa, kotero wogula lero kawirikawiri sataya kwambiri podzagulitsa. Koma mfundo yomweyi ili ndi mchira wake. Chinthu chosowa, chodula, chongogwidwa ndi zokolekera zingapo, n'chimene akuba amachifuna, ndipo eni ake a magalimotowa akhala akudandaula za kubedwa kwa madengawa mpaka ena amachita kuwamanga ndi mabawuti apadera. Amene ukuti akuteteze kwa akuba ndiye angawaitane.

Pa chachiwiri, nsalu yake ati sidontha, galasi lakumbuyo lili bwinobwino, hita imagwira. Ndinamukumbutsanso ziwiri zimene wogulitsa sanganene. Denga lotere silinapangidwe kuti limupulumutse galimoto ikagubuduzika, n'chifukwa chake a mipikisano amaikabe chitsulo chopingasa mkati. Ndiponso nsalu ikakhala yopindidwa miyezi isanu pansi pa hardtop, makamaka ngati anaipinda ili ndi chinyontho, imachita nkhungu ndi makwinya, ndiye podzaitambasula n'kupeza wawononga denga limene linali labwino.

Pa chachitatu ndi pamene anayamba kukanda mutu, ndinachita kumva pa foni. Amakhala m'nyumba yosanja, chipinda chachiwiri kuchokera pansi, yopanda galaja. Dengalo ndi lotambalala kuposa mita imodzi mbali zonse, silipindika, likagunda khoma penti yapita, ndipo likagonekedwa molakwika mphira zake zimapunduka. Womuthandiza kulikweza pa masitepe ndi mlamu wanga, amene anali pomwepo akumvetsera, ndipo anayankha yekha asanafunsidwe: "Alamu, muwauze kuti ine chimenecho sindinyamula, ndipo pabalaza panga sichigona."

Ndinamuuza kuti akanakhala ndi mtundu woyamba uja wa windo la pulasitiki, ndiponso galaja, ndikanati gula lero lomwe. Mmene zililimu, mwa zitatu ali ndi chimodzi. Ndipo pali china chimene chikundidetsa nkhawa kuposa denga. Ku Britain amathira mchere m'misewu kukazizira kuti madzi oundana asungunuke, ndipo timagalimoto timeneti timadziwika kuti timadyeka dzimbiri kunsi, makamaka m'munsi mwa zitseko kufupi ndi mawilo akumbuyo, komanso pa zitsulo zakutsogolo za mtundu wachiwiriwu. Timapaipi totulutsa madzi ochokera pa denga tikatsekeka ndi zinyalala, madziwo amakhazikika mkati mwa chitsulo n'kumachidya mosaoneka. Galimoto yotere ikalephera mayeso a MOT, amene pafupifupi galimoto iliyonse yopitirira zaka zitatu imayesedwa chaka ndi chaka kumeneko, ndalama zowotcherera zikhoza kuposa za dengalo. Ndinamuuza kuti apite nayo kaye kwa makaniko aikweze m'mwamba, aone kunsi, atsegule timapaipito, kenako tidzakambirane.

Lachisanu lapitali wanditumizira chithunzi. M'munsi mwa chitseko chakumanzere muli bowo loti chala chachikulu chikulowa. Wogulitsa denga uja wamuuza kuti amudikira mpaka kumapeto kwa mwezi.